Matenda a Coeliac: Pamene Asilikali a M'thupi Aukira Tirigu

Ambiri a ife tinaphunzira mawu akuti "chitetezo cha m'thupi" m'zaka zimene Edzi inafika pakati pathu. Tinauzidwa kuti m'magazi muli asilikali, kuti ena mwa iwo amatchedwa CD4, ndi kuti akachepa munthu amagwa m'matenda osiyanasiyana. Kuchokera apo tinazolowera kuganiza kuti vuto la chitetezo ndi kuchepa kwake basi. Komatu pali gulu lina la matenda limene asilikaliwo amakhala okwanira ndi amphamvu, koma amasokoneza mdani, nayamba kuwononga mudzi umene anaikidwa kuti aulondere. Matenda a coeliac ali m'gulu limeneli. Madokotala amawamvetsa bwino kuposa ambiri a anzake chifukwa choputa nkhondoyo chikudziwika: ndi puloteni ya mu tirigu yotchedwa gluten. Munthu akaleka kudya gluten nkhondo imazilala, akayambanso imabuka.

Nkhaniyi ikutikhudza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti zakudya za tirigu zachuluka m'makomo mwathu. Mwana wa m'tauni lero amafisula ndi buledi, kusukulu agula mandasi, madzulo bisiketi. Yachiwiri ndi yakuti mkate umene timapereka pa guwa pa nsembe ya Misa ndi wa tirigu, ndipo Mpingo unayenera kupereka malangizo okhudza akhristu amene thupi lawo limadana nawo.

Gluten ndi chiyani

Aliyense amene anakandapo ufa wa mandasi anamuona gluten ndi maso ake. Ufa wa tirigu ukathiridwa madzi umanyududuka ngati mphira, umakoka osaduka, ndipo umasunga mpweya wa yisiti mpaka kufufuma. Ufa wa chimanga suchita zimenezi. Chimene chimapatsa tirigu khalidwe limeneli ndi mapuloteni a mitundu iwiri, gliadin ndi glutenin, amene pamodzi amatchedwa gluten. Mbewu ziwiri za pachibale ndi tirigu, barele ndi rye, zili ndi mapuloteni ofanana nawo kwambiri, ndipo kwa wodwala zitatu zonsezi n'chimodzimodzi. Chimanga, mpunga, mapira, mawere, chinangwa, mbatata, nthochi ndi nyemba zilibe gluten.

Dzina lakuti coeliac linachokera ku mawu a Chigriki otanthauza mimba. Sing'anga wina wakale, Aretaeus wa ku Cappadocia, analemba za anthu otsegula m'mimba kosalekeza amene chakudya chinkangowadutsa osawagwira. M'chaka cha 1888 dokotala wa ku London, Samuel Gee, anafotokoza bwino matendawa mwa ana: mimba yotupa, miyendo yowonda, chimbudzi chotuwa ndi chonunkha kwambiri. Iye anaona kuti machiritso ali m'chakudya, koma sanapeze chakudya cholakwacho, ndipo mwa zimene ankalola odwala ake kudya munali buledi wowotcha. Mu 1924 Sidney Haas wa ku New York anayamba kudyetsa ana odwalawa nthochi zambirimbiri, ndipo ambiri anachira. Anthu anatamanda nthochi kwa zaka zambiri, osazindikira kuti chimene chinkachiritsa anawo ndi buledi amene anachotsedwa pa mbale kuti nthochizo zipeze malo.

Amene anamasula mfundoyi ndi dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Karel Dicke. Iye ankakayikira tirigu kuyambira kale, ndipo njala imene inagwa m'dziko lake mu 1944 ndi 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili kumapeto, inalimbitsa ganizo lakelo. Buledi atasowa, ana a coeliac anayamba kupeza bwino pamene anzawo ankafooka. Buledi atabweranso, anayambiranso kudwala. Dicke analemba zimene anapeza mu 1950, ndipo m'zaka zochepa zotsatira iye ndi anzake, komanso akatswiri ena a ku Birmingham, anaonetsa kuti cholakwa mu tirigumo ndi gluten, osati sitalichi.

Bwalo la nkhondoyo

Kuti timvetse zotsatirazi tiyenera kudziwa mmene matumbo aang'ono anapangidwira. Mkati mwake si mosalala ngati paipi. Khoma lake lonse lili ndi tizala ting'onoting'ono tosawerengeka, tonga ulusi wa tawulo, ndipo tizala timeneti ndi timene timayamwa chakudya chogayika n'kuchipereka ku magazi. Chophimba tizalato ndi mzere umodzi wokha wa maselo. Kuseri kwa mzere umenewu kuli msasa waukulu wa asilikali a m'thupi, pakuti m'matumbo ndi mmene thupi limakumana ndi zinthu zachilendo zochuluka koposa: chakudya, mabakiteriya abwino, ndi tizilombo toyambitsa matenda.

Ntchito ya asilikali a m'matumbo ndi yovuta kuposa ya anzawo. Ayenera kumenya kolera ndi kamwazi, koma asiye nsima ndi ndiwo zidutse mwamtendere. Kuyambira ukhanda thupi limawaphunzitsa kulolera chakudya, ndipo pali maselo apadera amene ntchito yawo ndi kuletsa anzawo kupsa mtima. M'matenda a coeliac kulolera kumeneku kumasweka pa chakudya chimodzi chokha.

Mmene nkhondo imayambira

Puloteni iliyonse ili ngati chingwe cha mikanda, ndipo mikandayo, yotchedwa amino acid, ilipo ya mitundu 20. Timadzi togaya chakudya ta m'chifu ndi m'matumbo timadula chingwecho mpaka kutsala mkanda umodziumodzi, iwiri kapena itatu. Tizidutswa totere asilikali sachita nato kanthu. Koma gluten ali ndi mikanda yambiri ya mitundu iwiri, proline ndi glutamine, ndipo timadzi tathu togayira timalephera kudula pafupi ndi proline. Motero zidutswa zazitali zimafika m'matumbo zili zamphumphu. Mu 2002 akatswiri a ku yunivesite ya Stanford, motsogozedwa ndi Chaitan Khosla, anapeza chidutswa cha mikanda 33 chimene chimapulumuka kugaya konse, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zimaputa asilikali kwambiri. Tiyenera kunena pano kuti kulephera kugaya gluten kumeneku kuli mwa ife tonse. Mwa anthu ambiri zidutswazo zimangotuluka ndi chimbudzi popanda mlandu.

Zina mwa zidutswazi zimaoloka mzere wa maselo uja n'kulowa kuseri. Kumeneko zimakumana ndi enzyme yotchedwa tissue transglutaminase, imene tiziitchula mwachidule kuti tTG. Imeneyi ndi mmisiri wa thupi. Ntchito yake ndi kulumikiza mapuloteni pokonza malo ovulala. Tsoka lake n'lakuti imakonda kwambiri glutamine, ndipo ikakumana ndi gluten imasandutsa mikanda ina ya glutamine kukhala glutamate. Kusintha kumeneku n'kochepa zedi, koma kumapatsa chidutswacho mphamvu ya magetsi yonga ya mbali ya negative pa batire. Magulu awiri a akatswiri, lina ku Oslo ndi lina ku Leiden, anaonetsa zimenezi mu 1998.

Tsono m'khoma la matumbo muli maselo amene tingawatche azondi. Iwo amatola chilichonse chimene apeza, n'kuchiika pa kambale kapadera kamene kali pa khungu lawo, n'kuchionetsa kwa akuluakulu a asilikali. Timbale timeneti timatchedwa HLA, ndipo maonekedwe ake munthu amatengera kwa makolo. Tilipo ta mitundu yambiri, koma tiwiri tokha ndi timene tili ndi mlandu pano: HLA-DQ2 ndi HLA-DQ8. Timbale tiwiriti tili ndi mphako zimene zimagwira zolimba zidutswa zokhala ndi mphamvu ya negative ija. Gluten wosasinthidwa amakhala pa kambaleko mogwedera ndipo amagwa msanga. Gluten amene tTG yamusintha amamatirira, nakhalapo nthawi yaitali yokwanira kuti asilikali amuone. Ludvig Sollid wa ku Oslo ndi anzake ndi amene anaonetsa mu 1989 kuti DQ2 ndiye chibadwa chachikulu cha matendawa. Odwala 9 mwa 10 alionse, kapena kuposerapo, ali ndi DQ2, ndipo pafupifupi onse otsalawo ali ndi DQ8.

Amene amaonetsedwa kambaleko ndi maselo a CD4, omwe aja timawadziwa ku kiliniki ya ma ARV. Iwo sapha okha. Ndi akazembe amene amalamula nkhondo. Selo la CD4 limene lazindikira gluten limaswana mofulumira, ndipo limatulutsa timadzi ta uthenga, makamaka interferon gamma ndi interleukin 21, timene timaitana asilikali ena ndi kutupitsa khoma la matumbo. Timadzi timeneti timachititsanso azondi aja kuika timbale tambiri ta DQ2 pa khungu lawo. Kutupako kumavulaza khoma, kuvulalako kumadzutsa tTG yochuluka kuti ikonze, ndipo tTG yochulukayo imasintha gluten wochuluka. Apa ndi pamene pagona kuopsa kwa matendawa: mmisiri wokonza mabala ndi yemweyo amene akusula mikondo.

Nkhondo ikakula imagawika panjira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya maselo a B, amene amapanga zida zoyenda m'magazi zotchedwa ma antibody. Ena amapanga zida zolimbana ndi gluten, ndipo izi n'zomveka. Chodabwitsa n'chakuti ena amapanga zida zolimbana ndi tTG, imene ndi chiwalo cha thupi lenilenilo. Walburga Dieterich ndi Detlef Schuppan a ku Berlin ndi amene anazindikira zimenezi mu 1997. Kufotokoza kwake kumene akatswiri ambiri amavomereza n'kotere. Pamene tTG ikugwira ntchito pa gluten, nthawi zina ziwirizi zimamatirirana. Selo la B limene limazindikira tTG, limene mwa munthu wabwinobwino limangokhala chete chifukwa palibe kazembe woliloleza kumenya, limameza ziwirizo pamodzi. Kenako limaonetsa chidutswa cha gluten pa kambale kake, kazembe wa CD4 wodana ndi gluten amachiona, napereka chilolezo. Selolo limayamba kupanga zida zolimbana ndi tTG pogwiritsa ntchito chilolezo chimene chinaperekedwa pa mlandu wa gluten. N'chifukwa chake munthu akaleka kudya tirigu zida zimenezi zimachepa m'magazi pang'onopang'ono mpaka kuzimirira: popanda gluten palibenso wosaina chilolezo.

Njira yachiwiri ndiyo imene imagwetsa tizala tija. Pakati pa maselo a khoma la matumbo pamakhala asilikali ena, a mtundu wa CD8, amene ntchito yawo ndi kupha maselo ogwidwa ndi mavairasi. M'matenda a coeliac maselo a khomalo amapanikizika, ndipo amatulutsa interleukin 15 pamodzi ndi zizindikiro zina pa khungu lawo zosonyeza kuti ali pa mavuto. Asilikali a CD8 amachuluka, amalusa, ndipo amayamba kupha selo lililonse loonetsa zizindikiro zimenezo. Magulu a Bana Jabri ku Chicago ndi Nadine Cerf-Bensussan ku Paris anafotokoza mbali imeneyi mu 2004. Khoma la matumbo limadzikonzanso lokha masiku atatu kapena asanu alionse, motero thupi limayesetsa kubweza maselo ophedwawo, koma kupha kumaposa kubala. Tizala timafupika mpaka khoma limasalala ngati tawulo lotha, ndipo maselo atsopano amene amafika pamwamba amakhala anthete, osadziwa bwino kuyamwa chakudya.

Akale anati madzi saiwala khwawa. Maselo a CD4 odana ndi gluten amakhala m'thupi zaka makumimakumi ngakhale munthu asakhudze tirigu. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 anaonetsa kuti wodwala amene wakhala nthawi yaitali osadya gluten akamudyanso, timadzi ta uthenga totchedwa interleukin 2 timakwera m'magazi mwake pasanathe maola anayi, ndipo ambiri amachita nseru ndi kusanza. Matendawa satha ndi kukula, ndipo mwana amene anapezeka nawo sadzawasiya ku ubwana.

Tisasokoneze matendawa ndi kuwengedwa ndi tirigu. Wowengedwa amatuluka zidzolo, amatupa milomo kapena kubanika patangopita mphindi zochepa, ndipo zida zimene zimachita zimenezi ndi za mtundu wina, wotchedwa IgE. Palinso anthu amene amamva kudzimbidwa akadya buledi koma matumbo awo ali bwinobwino ndipo m'magazi mwawo mulibe zida zolimbana ndi tTG. Malangizo a magulu atatuwa ndi osiyana.

Chifukwa chiyani ena okha

Popanda DQ2 kapena DQ8 n'kovuta kwambiri kuti munthu adwale coeliac. Koma kukhala nato timbaleti sikutanthauza kudwala. Ku Ulaya anthu 30 mpaka 40 mwa 100 alionse ali nato, ndipo mwa iwowo ndi atatu okha pa 100 alionse amene amadwala. Majini ena oposa 40 amathandizira pang'onopang'ono, ndipo tikati majini pano tikunena malangizo a chibadwa amene ali m'maselo, osati mizimu ija amaopa anthu a kunyanja. Mwa abale enieni a wodwala, kutanthauza makolo, ana ndi obadwa nawo bere limodzi, pafupifupi mmodzi mwa 10 amapezeka nawo. Mwa mapasa ofanana, mmodzi akadwala, mnzake amadwalanso katatu mwa kanayi kalikonse. Kotsalako kakusonyeza kuti chibadwa chimafuna chothandizira cha kunja.

Dziko la Sweden linaphunzira zimenezi movutikira. Kuyambira cha m'ma 1984 chiwerengero cha ana aang'ono opezeka ndi coeliac chinakwera pafupifupi kanayi, pa nthawi imene malangizo a kadyetsedwe ka makanda anasintha ndipo phala la ana linawonjezeredwa ufa wa tirigu. Malangizowo atasinthidwanso cha m'ma 1996 chiwerengerocho chinatsika. Kwa zaka zingapo madokotala anakhulupirira kuti kuyamwitsa ndi kusankha bwino mwezi woyamba kupatsa mwana tirigu kungateteze matendawa, koma kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2014, wina wa ku Italy ndi wina wa m'maiko angapo a ku Ulaya, anapeza kuti zimenezi sizichepetsa chiwerengero cha ana amene pomaliza pake amadwala. Kuyamwitsa kuli ndi ubwino wake wochuluka, koma uwu suli pa mndandandawo. Mavairasi a m'matumbo nawonso akuganiziridwa. Mu 2017 gulu la Jabri linaonetsa mwa mbewa kuti kachilombo kotchedwa reovirus, kamene pakokha sikadwalitsa kwenikweni, kangachititse asilikali kutaya kulolera kwawo pa gluten ngati ziwirizi zafika m'matumbo nthawi imodzi.

Zimene wodwala amaona

Mwa mwana wamng'ono zizindikiro zimayamba miyezi ingapo atayamba kudya za tirigu: kutsegula m'mimba kosatha, mimba yotupa, matako ofota, kulira kosalekeza, sikelo yosakwera. Mwa wamkulu matendawa amabisala. Chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, chimene chimawonongeka kwambiri, ndicho chimene chimayamwa ayironi, folic acid ndi kasiyamu. Motero mayi angamwe mapiritsi owonjezera magazi chaka chathunthu magazi osakwera, kapena bambo wa zaka 40 angathyoke fupa pa kugwa kochepa. Ena amangotopa, ena amatuluka zilonda m'kamwa, ena amapita padera mobwerezabwereza, ndipo ena sadandaula kanthu konse ngakhale matumbo awo atasalala.

Nkhondoyi imafikanso kunja kwa mimba. Thupi lili ndi ma transglutaminase ena, abale ake a tTG, pa khungu ndi mu ubongo. Zida zikafika pa ya pa khungu, m'zigongono, m'mawondo ndi m'matako mumatuluka matuza oyabwa koopsa, matenda otchedwa dermatitis herpetiformis. Anthu a shuga ya mtundu woyamba, ija yoyamba pa ubwana, a matenda a chithokomiro oyamba chifukwa cha chitetezo, ndi ana obadwa ndi Down syndrome amadwala coeliac kawirikawiri kuposa anthu ena. Mwa odwala ochepa kwambiri, makamaka okalamba amene anakhala nawo nthawi yaitali osadziwa, asilikali a m'khoma aja amasanduka khansa ya m'matumbo.

Kuyeza kwake, ndi vuto la kwathu kuno

Zida zolimbana ndi tTG zija ndizo zinapatsa madokotala njira yoyezera. Amatenga magazi n'kuyang'ana tTG-IgA. Amayezanso kuchuluka kwa IgA yense, chifukwa odwala awiri kapena atatu mwa 100 alionse amabadwa opanda IgA wokwanira, ndipo mwa iwo kuyezako kunganame kuti ali bwino. Magazi akaonetsa zidazo, dokotala amalowetsa kachubu ka kamera kudzera kukamwa n'kutapa tizidutswa ta khoma la matumbo kuti tikaonedwe pa makina okulitsa zinthu. Kuyambira mu 2012 madokotala a ana a ku Ulaya amalola kusiya kutapaku ngati zidazo zakwera kakhumi kuposa mlingo wa munthu wabwinobwino ndipo kuyeza kwachiwiri kwavomereza. Chofunika kwa awerengi athu ndi ichi: musasiye kudya tirigu musanayezedwe. Mukasiya, zida zimatsika, matumbo amayamba kupola, ndipo dokotala sapeza kanthu.

Kwa zaka zambiri mabuku ankati awa ndi matenda a azungu. Mu 1999 Carlo Catassi wa ku Italy ndi anzake anayeza ana a mtundu wa Saharawi okhala m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria, napeza kuti oposa asanu mwa 100 alionse ali nawo, chiwerengero chimene chili m'gulu la zokwera koposa pa dziko lonse. Anthuwa ali ndi DQ2 wochuluka, ndipo chakudya chawo chinali chitasanduka buledi wa ufa wa chithandizo. Kumpoto kwa India, kumene chapati ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, matendawa ndi ofala ngati ku Ulaya. Kafukufuku wa mu 2018 wophatikiza maiko ambiri anapeza kuti pa dziko lonse anthu 14 mwa 1,000 alionse ali ndi zidazo m'magazi, ndipo 7 mwa 1,000 anatsimikizidwa poyeza matumbo.

Kuno kwathu nsima yakhala ikutiteteza popanda ife kudziwa, pakuti ngakhale wobadwa ndi DQ2 sadwala ngati sakumana ndi gluten. Tirigu amalimidwa pang'ono m'madera okwera monga Tsangano ndi Neno, ndipo wochuluka amene timadya amachokera kunja. Koma madyedwe akusintha, ndipo abale athu amene ali ku Johannesburg kapena ku Britain amadya tirigu katatu pa tsiku. Vuto lina n'lakuti zizindikiro zonse za coeliac zili ndi eni ake kale kuno. Mwana wotupa mimba ndi wopinimbira timati ndi kunyentchera kapena njoka za m'mimba. Wamkulu wowonda ndi wotsegula m'mimba timaganiza za HIV kapena TB. Wochepa magazi timati ndi malungo. Kawirikawiri timakhala tikulondola. Ngakhale kufupika kwa tizala ta m'matumbo si umboni wokwanira kuno, chifukwa kafukufuku wa ku Lusaka ndi wa m'midzi ya m'Malawi anaonetsa kuti anthu ambiri okhala kumene madzi ndi zimbudzi sizili bwino ali ndi tizala tofupika chifukwa cha tizilombo timene amameza tsiku ndi tsiku. Ife tikuona kuti coeliac ayenera kukumbukiridwa pamene zonsezi zayezedwa ndi kuchizidwa koma wodwala sakusintha, makamaka ngati amadya za tirigu kawirikawiri kapena ali ndi shuga ya pa ubwana.

Chakudya ndiwo mankhwala

Kufikira lero palibe piritsi kapena jakisoni wovomerezeka wochiza matendawa. Katemera wotchedwa Nexvax2, amene cholinga chake chinali kuphunzitsanso asilikali kulolera gluten, anasiyidwa mu 2019 atalephera pa kuyesedwa. Mankhwala otchedwa ZED1227, amene amamanga manja tTG, anaonetsa mu 2021 kuti amachepetsa kuwonongeka kwa matumbo, koma uku kunali kuyesa chabe. Chotsala ndi kusiya gluten moyo wonse. Ana amapola msanga, kawirikawiri pasanathe chaka kapena ziwiri. Akuluakulu amatenga nthawi yotalikirapo.

Muyeso wake ndi wothina. Munthu wodya za tirigu tsiku lililonse amameza magalamu 10 mpaka 20 a gluten. Kafukufuku wa Catassi wa mu 2007 anaonetsa kuti mamiligalamu 50 okha pa tsiku, amene ndi nyenyeswa za buledi chabe, amawononga matumbo a wodwala pakatha miyezi itatu. N'chifukwa chake bungwe la Codex Alimentarius linakhazikitsa mu 2008 kuti chakudya cholembedwa kuti chilibe gluten chisapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu. Wodwala wa kwathu kuno ali ndi mwayi umene mnzake wa ku Italy alibe: nsima, kondowole, mpunga, futali, nsinjiro ndi phala la chimanga ndi soya zonse n'zake. Adani ake ndi obisika. Ndi ufa wa tirigu umene ena amathira mu chigumu kapena m'zitumbuwa kuti zigwirane, mafuta amene akazingiramo mandasi kenako tchipisi, masoseji, timapaketi tokometsera ndiwo, mowa wa m'mabotolo wofulidwa ndi barele, ndi mpeni umene wadula buledi.

Pa guwa la Ambuye

Malamulo a Mpingo, pa nambala 924, amati mkate wa Ukaristia ukhale wa tirigu yekha. Pa 24 July 2003 Kadinala Joseph Ratzinger, amene anadzakhala Papa Benedict XVI, analembera mabungwe a maepiskopi kalata yofotokoza za akhristu amene sangathe kudya gluten. Kalatayo inati hostia yopanda gluten konse, monga ya ufa wa mpunga kapena wa chimanga, siyenera pa nsembe ya Misa, ndipo sakramenti silichitika nayo. Koma hostia ya gluten wochepa ndi yovomerezeka, malinga ikhale ndi gluten wokwanira kuti mkatewo upangike popanda kuthiramo zinthu zachilendo. Nthambi ya ku Vatican yoona za chipembedzo ndi masakramenti inabwereza malangizo omwewa pa 15 June 2017, m'kalata imene Kadinala Robert Sarah anasaina popemphedwa ndi malemu Papa Francis. Nyuzi zina za nthawi imeneyo zinalemba ngati Mpingo waletsa chinthu chatsopano, pamene kalatayo inangokumbutsa za mu 2003. Masisitere a chipani cha Benedict Woyera a ku Clyde, m'boma la Missouri ku America, ndi ena mwa amene anapeza njira yophikira mahostia otere ndi sitalichi wa tirigu, ndipo gluten wotsala mu hostia imodzi safika ngakhale miligalamu imodzi.

Mkhristu amene thupi lake silingalole ngakhale pang'ono pameneka angathe kulandira Magazi a Khristu okha. Mpingo umaphunzitsa, monga unatsimikizira pa msonkhano wa ku Trent, kuti Khristu yense ndi wathunthu ali m'maonekedwe a mkate ndiponso ali m'maonekedwe a vinyo, motero wolandira pa chikho chokha sanaperewedwe kanthu. Chilolezo chimaperekedwa ndi episkopi, ndipo chingakhale cha nthawi yonse imene vutolo lilipo. Poyambira pake ndi kwa bambo mfumu wa parishi. Kwa ansembe malangizowo ndi olimbirapo: wansembe amene sangathe kulandira ngakhale hostia ya gluten wochepa sachita Misa payekha kapena kutsogolera anzake, ngakhale angathe kuchita nawo pamodzi, ndipo maepiskopi anapemphedwa kusamala kwambiri asanadzoze unsembe mnyamata wa vuto lotere.

Zotsala ndi za manja, ndipo zikukhudza atumiki a pa guwa ndi okonza za Misa. Hostia ya gluten wochepa isasungidwe pamodzi ndi zinzake. Iikidwe m'kachotengera kake kotseka, iperekedwe pa guwa ili momwemo, ndipo wodwalayo alandire poyamba zala za wansembe zisanagwire mahostia ambiri. Za chikho nazo zifunika kusamala. Pa nthawi ya Mwanawankhosa wa Mulungu wansembe amanyema kachidutswa ka hostia n'kukaponya m'chikho chake, ndipo m'maparishi mwina hostia imaviikidwa m'chikho polandiritsa. Chikho chotere chili ndi gluten. Wodwala coeliac amafunika chikho chachiwiri, chaching'ono, chimene chaikidwa pa guwa kuyambira pa nthawi ya zopereka ndipo simunagwere nyenyeswa iliyonse.